MZATI WA PANSI PA MASITEPE: MUSANAUDULE, YAMBANI MWADZIWA CHIMENE WASENZA

ZÓBUÈ — Macheka anali atanoledwa kale, ndipo mnyamata wothandiza mmisiri anali atalemba kale mzere wa khala pamtengo, posonyeza podula. Chimene chinaimitsa ntchito m'mawa umenewo ndi mlongo wanga. Iye anayala chitenje pansi, nakhala motsamira mzatiwo, mwana ali pamiyendo, n'kunena kuti sasunthapo kufikira amalume atabwera kuchokera ku Moatize.

Nkhani yake ili motere. Alamu anga, amuna a mlongo wangayo, ali ndi sitolo kuno ku Zóbuè, m'mbali mwa msewu waukulu wopita kuchipata cha malire a dziko lino ndi Malawi. Nyumbayo ndi yakale, ya m'nthawi ya Apwitikizi, ya makoma okhuthala a njerwa zootcha. Ili ndi chipinda cham'mwamba cha matabwa, m'mene alamu amaunjikamo matumba a chimanga ndi nyemba akagula kwa alimi nthawi yokolola. Masitepe okwerera m'mwambamo nawonso ndi a matabwa. Munthu amakwera masitepe 7, n'kufika pamalo opumulira pangodya ya nyumba, kenaka n'kukhotera kumanzere kukwera otsalawo. Pansi pa masitepe amenewa pali mizati iwiri.

Mwezi wa Febuluwale alamu anagula filiji yaikulu ija yooneka ngati bokosi, yosungiramo nsomba ndi nkhuku zogulitsa. Malo amene anawasirira ndi pansi pa masitepe, koma mizati ija inkatchinga. Anaitana mmisiri wachinyamata amene amagwira ntchito zambiri pamsika pano. Mmisiriyo anagwira mzati woyamba n'kuugwedeza, ndipo unagwedezekadi. Pomwepo anagamula kuti yonse iwiri ndi yongokongoletsa, inaikidwa ndi munthu mmodzi tsiku limodzi, ichoke basi.

Mlongo wanga za umisiri sazidziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti ana ake atatu amagona m'chipinda cha kuseri kwa sitolo, ndipo khomo lolowera kumeneko lili pansi penipeni pa masitepe achiwiri aja. Anati ana amenewa ali ndi mwini mbumba, abwere aone yekha. Alamu sakanatha kulimbana mawu ndi apongozi awo, tsono ntchito yoimba foni ndi yonyamula mawu inagwera ine.

Mwina owerenga athu a ku Mussacama kapena ku Kambulatsitsi afunsa kuti, kodi za masitepe zikutikhudza bwanji ife okhala m'nyumba zapansi? Abale anga, tayang'anani m'mbali mwa msewu wa EN7, kuyambira pa mlatho wa Revúbuè kudutsa Moatize mpaka kuno kumalire. Chiyambire pamene mgodi waukulu wa kampani ya Vale unayamba kutulutsa malasha mu 2011, mgodi womwe uja unagulidwa ndi Vulcan mu 2022, nyumba zosanja zachuluka. Eni ake sakutha chaka osagumula khoma pano, kutsegula khomo apo, kuti malo ogulitsira akule. Amene akugwira nyundo m'nyumba zimenezo ndi ana anu omwe. Amene akuchita lendi pansi pake ndi ana anunso. Komanso funsoli si lachilendo kwa mlimi. Ndi lomwe lija la pankhokwe, pakhonde ndi pachigafa cha fodya: mtengo uwu ndikauzula, n'chiyani chitsale m'malere?

MUNTHU WA KU CHIPANGA

Amalume anafika ndi chapa tsiku lotsatira, ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Iwo si injiniya, ndipo sukulu anailekezera panjira. Koma analowa m'migodi ya pansi ya Chipanga ali mnyamata, nagwira ntchito m'nthawi ya Carbomoc, kampani ya boma ija, pamene ku Moatize kunali akatswiri ochokera ku Jeremani ya Kum'mawa. Ntchito yawo inali yoimika mitengo yochirikiza denga la mgodi. Munthu amene wakhala zaka zambiri mwala ukulendewera pamutu pake amayang'ana mzati ndi diso lina.

M'migodi ngati ya Chipanga malasha sakumbidwa onse. Amakumba tinjira ndi zipinda, n'kusiya zigawo zina za malasha zitaima ngati mizati, kuti zisenze nthaka yonse ya pamwamba. Malasha a mumzati ndi abwino chimodzimodzi ndi ena onse, ndiye chiyeso choti ausengeko pang'ono sichitha. Zimene chiyeso chimenechi chinachita ku Joni anthu a m'migodi saiwala. Pa 21 Januwale 1960, mumgodi wa malasha wa Coalbrook pafupi ndi Sasolburg, mizati imene anali ataichepetsa inalephera kusenza. Umodzi utaphwanyika, katundu wake anagwera pa woyandikana nawo, nawonso n'kuphwanyika, ndipo m'kanthawi kochepa mizati mazanamazana inatha. Anthu oposa 430 anatsekeredwa m'menemo, ambiri a ku Lesotho ndi a kuno ku Moçambique, ndipo mitembo yawo sinatulutsidwe. Chenjezo linalipo, popeza mbali ina ya mgodiwo inali itagwa kale mu Disembala 1959, koma ntchito inapitirira.

Amalume atamwa tiyi sanapite pamizati ija. Anaima pakhomo nati, "Akamwini, tatsogolani tikaone kumwamba."

"Pepani apongozi," anatero alamu, chipewa chili m'manja, "mizati yake ili pansi pano."

"Ndaiona. Koma katundu wake ali kumwamba."

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amaima pansi, n'kumayang'ana mzati, kuugwedeza, kuumenya ndi phewa. Kulemera kwa nyumba kumayenda ngati madzi a mvula, nthawi zonse kumafuna njira yotsikira. Malata amatula pa mapaso, mapaso amatula pa mitanda, mitanda imatula pa makoma kapena pa mizati, ndipo zonsezi zimakatula m'maziko. Wofuna kudziwa ngati mzati uli pantchito ayambire kumwamba, n'kumatsika ndi funso limodzi: ichi chatsamira pa chiyani?

M'chipinda cham'mwamba munalibe kanthu, popeza unali mwezi wa njala ndipo matumba onse anali atagulitsidwa. Amalume anagwada n'kuyamba kulondola mitu ya misomali pamatabwa opondapo. Misomali imakhala m'mizere, ndipo pansi pa mzere uliwonse pamakhala barote, mtengo wosenza matabwawo. Mabarote ambiri ankachokera khoma limodzi kukafika khoma lina. Koma pamene masitepe amatulukira pali chibowo chachikulu, ndipo mabarote amene anayenera kudutsa pamenepo anadulidwa. Barote wodulidwa safika pakhoma. Mutu wake uyenera kugona pa mtengo wina wopingasa m'mphepete mwa chibowocho, umene amisiri akuno amautcha viga, a ku Mwanza amati bimu. Amalume anawerenga mabarote asanu ogona pa mtanda umodzi umenewo.

Kenaka anatenga chingwe, nayeza kuchokera pakhoma kufika pa mtandawo, n'kumanga mfundo. Tinatsika. Anayezanso kuchokera pakhoma lomwelo, pansi tsopano. Mfundo ija inagwera ndendende pa mzati wachiwiri.

Mzati wachiwiri umenewu waima pangodya ya malo opumulira aja. Malo opumulira agwira khoma mbali ziwiri, koma ngodya yachinayi ili m'malere, ndipo ndi imene mzatiwo wanyamula. Mmisiri ankati ngodya imeneyo aikoloweka ndi chitsulo kukhoma. Chimene sanaone n'chakuti mtengowo suthera pamenepo. Umapitirira kudutsa malo opumulira, anthu n'kumaugwira pokhota ngati chogwirira chabe, mpaka kukalowa m'siling'i.

"Mphwanga, tazula thabwa limodzi ili," anandiuza amalume.

Ndinakwera pampando n'kuzula thabwa la siling'i loyandikana ndi mutu wa mzati. Nditaunika ndi tochi ya pafoni, ine ndemwe, amene sindidziwa kanthu za matabwa, ndinamva m'mimba kuzizira. Mtanda uja, umene tonse tinkauyesa mtengo umodzi wa mamita asanu wochokera khoma la kumaso kufika la kuseri, unali mitengo iwiri. Wina unali wakuda, wakale. Wina unali woyererapo, wa bulugamu. Mitu yake inakumana pamutu pa mzati, yolumikizidwa ndi kathabwa kam'mbali ndi misomali yochita dzimbiri. Pamene mitengoyo inagona, mutu wa mzati unali utadinda chizindikiro chake m'thupi mwa bulugamuyo, ngati mmene mtolo wa nkhuni umasiyira mzere paphewa.

Zimene zinachitika n'zosavuta kuzilota kwa aliyense wodziwa mbiri ya dera lino. M'zaka za nkhondo anthu a m'malire muno anathawira ku Malawi, ndipo nyumba zambiri zinatsala zopanda denga, zina zitapsa, zina mvula ikulowa chaka ndi chaka. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera mu 1993 ndi 1994, ndipo aliyense anakonza nyumba ndi chimene anachipeza. Amene anakonza sitolo imeneyi, alamu asanaigule, sanapeze mtengo wautali. Anadula mbali yoola, n'kulumikiza ndi bulugamu, nadalira mzati kuti ugwire polumikizirapo. Anachita bwino malinga ndi nthawi yake. Koma anakhoma siling'i, ndipo chinsinsi chinabisika zaka zoposa 30.

Owerenga amene mukukhala m'nyumba zimene zinakonzedwa pobwera kothawa nkhondo, mfundo iyi ndi yanu. Mzati wooneka wachilendo, wosafanana ndi nyumba, woti mukuona kuti unaikidwa pambuyo, musafulumire kuutcha wosafunika. Kawirikawiri munthu saononga mtengo wake popanda chifukwa. Anauika chifukwa anaona china chikubwama.

MPENI NDI NYUNDO

Mzati woyamba, wogwedezeka uja, nkhani yake inali yaifupi. Waima pakati pa masitepe oyamba. Amalume anapempha mpeni wa patebulo n'kuulowetsa pakati pa mutu wa mzati ndi thabwa la masitepe. Mpeni unalowa n'kutulukira mbali ina. Pansi, mzatiwo unangokhala pamwamba pa simenti, wogwidwa ndi misomali iwiri, ndipo m'mbali mwake munali zipsera za mahinjesi. Unali mphuthu ya chitseko cha kabati imene inachotsedwa kalekale. Matabwa awiri aakulu a m'mbali mwa masitepe anali athunthu, ochokera pansi kukafika popumulira, opanda polumikiza kapena mng'alu.

Komabe amalume sanavomere pomwepo. Anati mpata umene ukuoneka nyumba ili yopanda kanthu ukhoza kutsekeka katundu akabwera. Anaimitsa amuna anayi pamasitepepo, awiri atasenza matumba a simenti a mmisiri yemwe uja, nalowetsanso mpeni. Unalowabe. Pamenepo m'pamene anati uwu ungathe kuchoka.

Anatenganso nyundo n'kugogoda mizati yonse iwiri, khutu lili pafupi. Woyamba unalira mwa phuu, ngati ng'oma yolefuka. Wachiwiri unalira mwa ngwee. Kumgodi ankatero poyesa ngati mtengo wagwira denga. Koma iwo omwe anatichenjeza kuti nyundo ndi mboni imodzi chabe, ndipo mlandu saweruza ndi mboni imodzi. Mtengo wodyedwa ndi chiswe umalira molefuka ngakhale utasenza nyumba yonse.

Mboni yotsiriza inali pansi. Mmisiri anaswa simenti pang'ono m'mbali mwa mzati wachiwiri. Mtengowo sunathere pasimenti. Unaboola n'kukakhala pamwala waukulu wosema, wokwiriridwa m'nthaka. Amene amavutika kukumba dzenje ndi kuika mwala kapena sapata ya konkire pansi pa mzati amakhala akudziwa kuti pabwera kulemera.

Ndinene chilungamo pa za mmisiri wachinyamata uja. Si chitsiru, ndipo pulasitala yake ndi yosalala kuposa ya ambiri. Ataona mitengo iwiri ija anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Madala, mwandiphunzitsa." Vuto lake ndi la amisiri ambiri masiku ano. Amalipidwa ntchito ikatha, ndipo mwini nyumba amafuna kumva mawu amodzi okha, akuti zitheka. Akanena kuti dikirani tiyambe tazula siling'i, mwini nyumba amaitana wina.

Pofuna kuti alamu amvetse, amalume anachita masewera amene inunso mungachite pabwalo. Tengani thabwa lalitali, muligoneke pa njerwa zitatu, ziwiri kumapeto, imodzi pakati. Imiranipo. Thabwa silichita kanthu. Chotsani njerwa ya pakati muimirenso. Mpata wangowirikiza kawiri, koma malinga ndi masamu a mainjiniya, mphamvu yofuna kuthyola thabwalo pakati imawirikiza kanayi ngati katundu wayalidwa thabwa lonse. Masamu omwewo amati mwa njerwa zitatuzo, ya pakati imasenza magawo 5 mwa magawo 8 a katundu yense, kuposa ziwiri zija kuphatikiza pamodzi. Tsono tengani matabwa awiri aafupi okumana pa njerwa ya pakati, n'kuichotsa. Apo palibe choyesanso. Ndi mmene zinalili m'sitolo ya alamu, amene mu Juni amakweza matumba 60 a makilogalamu 50. Ndiwo matani atatu, ndipo gawo lina amaliunjika pafupi ndi chibowo cha masitepe kuti asamavutike potsitsa.

ZA KONKIRE N'ZOOPSA KUPOSA

Nyumba zatsopano za ku Moatize ndi za konkire, ndipo kumeneko mpeni ndi nyundo sizithandiza kwenikweni. Mtengo umadzionetsa. Umabwama, umang'aluka, umalira usanathyoke, n'chifukwa chake anthu a m'migodi ankaukonda. Konkire imabisa zitsulo zake m'kati, ndipo ikafika potopa sipereka nthawi yambiri.

Choyamba ndi kulemera kwake. Bokosi la mita imodzi mbali zonse lodzaza konkire limalemera makilogalamu pafupifupi 2,400, ngati matumba 48 a chimanga. Masitepe 10 a konkire otambalala mita imodzi amapitirira tani imodzi ndi theka, munthu asanapondepo. Kulemera kumeneku kumatula penapake, ndipo pa masitepe okhota kawirikawiri kumatula pa mtanda wa popumulira ndi pa chipilala chake.

Chachiwiri ndi malo a zitsulo. Konkire imalimba kwambiri ikamapanikizidwa, koma ikamakokedwa imang'ambika msanga. N'chifukwa chake amaikamo zitsulo, ndipo amaziika mbali imene ikukokedwa. Pakati pa zipilala ziwiri mtanda umabwamira pansi, ndiye zitsulo zambiri zimakhala kumunsi. Koma pamutu pa chipilala mtanda umapindika mosiyana, ngati goli pakhosi pa ng'ombe, ndiye zitsulo zofunika zimakhala kumtunda. Mukachotsa chipilalacho, malo omwewo amayamba kukokedwa kumunsi, kumene kuli zitsulo zochepa, mwinanso ndi pomwe anazilumikizira. Ndi maso simungaone zimenezi. Chipilala chimene chinathiridwa pamodzi ndi mtanda, chimene chaima pamzere umodzi ndi zinzake, kapena chimene chili ndi chinzake pamwamba pake m'chipinda cham'mwamba, chiyeseni chosenza kufikira injiniya atanena mosiyana. Ngakhale kachipilala ka njerwa kooneka ngati kongotchinga, mwina mmisiri woyamba anathira masitepe atatsamiritsa pa iko.

Anzathu a ku Brazil, amene ambiri tinawadziwira ku Moatize, ali ndi chitsanzo chowawa. Pa 15 Okutobala 2019, mumzinda wa Fortaleza, nyumba ya nsanjika 7 yotchedwa Edifício Andrea inagwa m'mawa dzuwa likuswa mtengo, ndipo anthu 9 anafa. Antchito sankachotsa n'komwe zipilala. Ankazikonza. Anasenga konkire yakunja ya zipilala za pansi kuti afike pa zitsulo za dzimbiri, koma sanayambe achirikiza nyumba. Pafupi ndi ife, amene mumapita ku Blantyre kukaoda katundu mukukumbukira kuti mu 2011 nyumba ya Kips inagwa ili mkati mokonzedwa, ndipo anthu anataya miyoyo.

Tsono pa nyumba ya konkire, malangizo ndi amodzi. Funani pulani ya nyumbayo ngati ilipo, ndipo muitane munthu wophunzira ntchito imeneyi. Mumzinda wa Moatize za zilolezo zomangira zili m'manja mwa Conselho Municipal, ndipo kwa ife a kumidzi ndi kuno ku Zóbuè kuli ofesi ya boma ya SDPI yoona za mapulani ndi zomangamanga. Ndikudziwa kuti ambiri amaopa kupita poganiza kuti akafunsidwa za mapepala. Koma safunsa anadya phula, ndipo phula la konkire silimalavulika.

CHISWE

Nkhani ya alamu sinathere pomwe tinkaganiza. Pamene mmisiri anaswa simenti paja, amalume anazindikira dothi lofiira lomatirira m'mbali mwa mtengo. Anatenga msomali wa mainchesi 6 n'kubaya phazi la mzati. Mbali ya kukhoma msomali unalowa ndi dzanja lokha, pafupifupi theka lake. Chiswe chinali chitadya mbali imodzi ya phazi, m'kati mwa simenti momwe munthu saona. Mzati umene ankafuna kuuchotsa chifukwa chosafunika unali wofunika, komanso unali wodwala.

Alamu anafunsa, kudzera mwa ine, ngati sikungatheke kuika mtanda umodzi wachitsulo wa khoma ndi khoma, mzati n'kuchokeratu. Amalume anati n'zotheka, ndipo amisiri amachita, koma kukula kwa chitsulocho awerengere ndi injiniya, makoma ayesedwe ngati angalandire katundu yense pamalo awiri okha, ndipo ngodya ya popumulira ifuniridwenso pogwira. Alamu atafunsa mtengo wa chitsulo chotero ku Tete, kuphatikiza galimoto yochibweretsa, anapeza kuti ukupitirira wa filiji. Nkhani imeneyo inathera pomwepo.

Chinatsala ndi kuchiza phazi, ndipo mmene anachitira ndi mmene aliyense wofuna kukhudza mzati wosenza ayenera kuchitira. Ana anasamutsidwa kukagona kwa anansi. M'mwamba anatulutsamo chilichonse. Anabweretsa mitengo ya bulugamu yowongoka, yokhuthala ngati ntchafu ya munthu. Iwiri anaiimika pansi pa mtanda, wina mbali iyi ya polumikizira, wina mbali inayo, pakuti mitengo iwiri ija iliyonse imafuna chochirikiza chake. Ina iwiri yaifupi inagwira malo opumulira. Uliwonse unaima pa thabwa lokhuthala kuti usaboole simenti, ndipo pansi pake anakhoma timatabwa tosongoka tiwiritiwiri toyang'anizana, pang'onopang'ono, mpaka mtengo utagwira zolimba. Anaikhomeranso matabwa opingasa kuti wina akaigunda isagwe. Amalume anakoka chingwe cholimba kuchokera khoma kufika khoma, m'munsi pang'ono mwa mtanda, nayeza mpata ndi kamtengo kamene anakadula kokwanira ndendende. Mtanda ukatsika ngakhale pang'ono, kamtengoko sikangalowenso.

Macheka aja anagwira ntchito tsopano, koma m'munsi, pamwamba pa mbali yodyedwa. Atalowa pang'ono anakanirira, osapita kutsogolo, osabwerera. Mmisiri anafuna kukankha ndi mphamvu. Amalume anamugwira dzanja. Macheka akapanidwa mumzati woimirira, ndiye kuti kulemera kukadali pamenepo, zochirikiza sizinalandire katundu. Anabwerera kukakhomanso timatabwa tija, kugogoda kuwiri apa, kuwiri apo, mpaka macheka anamasuka okha. Nthawi yonseyi amalume analetsa wailesi ndi macheza. Anati mukamva kulira kwa mtengo, mukaona fumbi likuthothoka kusiling'i, kapena chitseko chimene chimatseguka bwino chikayamba kukanika, musafunse mnzanu kuti wamva, tulukani.

Anadula masentimita 30, nathira mankhwala a chiswe m'dzenje, n'kuumba phazi la konkire pamwala uja, lotalika kupitirira simenti ya pansi kuti mtengo usakhudzenso dothi kapena madzi okolopera. Pakati pa konkire ndi mtengo anaika chitsulo chokhala ngati nsapato, chomangidwa ndi mabawuti. Polumikizira mitanda paja anachotsa kathabwa ka misomali, naika zitsulo ziwiri zaphanthiphanthi mbali ndi mbali, zomangidwanso ndi mabawuti.

Mkangano wotsiriza unali wa masiku. Mmisiri ankafuna mitengo yake patatha sabata, popeza anali ndi ntchito ina. Zoona zake n'zakuti konkire yothiriridwa madzi bwino imafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake patatha masiku 7, ndipo mphamvu imene mainjiniya amawerengera ndi ya masiku 28. Amalume anati 28, ndipo pa nkhani imeneyi mkamwini sakanayankha. Makasitomala anakhala mwezi wathunthu akuzemba mitengo ya bulugamu pofuna sopo ndi mchere. Pochotsa, anamasula umodzi umodzi, pang'onopang'ono, akuyesa kamtengo kaja pa chingwe asanapite pa wotsatira.

Filiji inakaima pafupi ndi khomo la kumaso, pamene panali shelefu ya sopo. Alamu mpaka lero amadandaula kuti anyamata osintha ndalama za kwacha ndi meticais amaitsamira ngati benchi. Amalume asanakwere chapa anasiya misomali iwiri ya chingwe chija m'makoma, napatsa mlongo wanga kamtengo kaja kuti asunge. Mu Juni, matumba 60 atakwera, iye anakokanso chingwe pamaso pa amuna ake. Kamtengo kanalowa monga kale, ndipo usiku womwewo anaimbira foni ku Moatize.